Chigaza cha Mayi Busa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ndinasinthanitsa ng'ombe ndi ayisikilimu. Ng'ombeyo sinali yanga, ayisikilimuyonso sanali wokoma kwenikweni, koma malonda anachitika. Mpaka lero ndikamva fungo la vanila mseru umandigwira.

Tinali titakhala ku Perth zaka ziwiri. Amayi ndi amene anatibweretsa, atapeza ntchito ya unamwino kunyumba yosamalira okalamba ku Midland, dera lina la mzindawo, ndipo ine ndi bambo tinangokwera pa viza yawo ngati katundu. Kwathu ku Dowa bambo anali mlangizi wa ziweto. Ankayang'anira dibi, kubaya ng'ombe katemera, kubereketsa zimene mwana wapingasa m'mimba, ndipo anthu ankatsika panjinga kuti awapatse moni. Ku Midland mapepala awo sanawerengedwe kanthu. Chaka choyamba ankakankha matirole pa supamaketi, n'kumabwera kunyumba ali duu ngati munthu wochokera kumaliro. Ndiye mnzawo wina wa kutchalitchi atawauza kuti mlimi wa ng'ombe kunja kwa mzinda akufuna wantchito, bambo anasita malaya atatu tsiku lomwelo, akuimba nyimbo za kwaya zimene tinali titaiwala kuti amazidziwa.

Famuyo inali m'katauni kena cha kum'mawa, ulendo wa maola awiri pagalimoto kuchoka ku Midland. Sinditchula dzina lake, poti anthu a kumeneko akudyerabe bodza lomwelo ndipo ine sindikufuna makalata. Mwini famu anali a Kolini, mzungu wamtali wofiira khosi, wa chipewa chachikulu chimene sankavula ngakhale pakudya. Katauniko kanali katafa kale iwo asanachite zawo. Banki inatseka, sitima inaleka kuima, achinyamata onse anathawira ku Perth. A Kolini ndi amene anakadzutsa. Ananyengerera anthu opanga mafilimu a akauboyi kuti azidzajambulira pafamu pawo, ndipo anawamangira msewu wathunthu wa matabwa, wokhala ndi bala, ndende, banki ndi katchalitchi. Ojambulawo akafuna akavalo ankabwereka kwa a Kolini, ng'ombe kwa a Kolini, ngolo kwa a Kolini, ngakhale fumbi lenilenilo linali la a Kolini. Mafilimu atayamba kuoneka, alendo odzaona malo anayamba kufika pa mabasi Loweruka lililonse. Hotela yomwe inatsekedwa inatsegulidwanso, mayi wa bekale anayambanso kuphika mapayi, ndipo ana a m'tauni anapeza ganyu yogwira akavalo alendo akamajambulitsa. Kunena zoipa za a Kolini kumeneko kunali ngati kutukwana mvula.

Holide ya Disembala itafika, amayi anali pa mashifiti osatha, choncho anandipititsa kukakhala ndi bambo m'kanyumba kawo ka malata kuseri kwa khola la akavalo. Ndinene zoona, ndinatengeka ndi malowo tsiku loyamba lomwe. Loweruka kunkakhala sewero la alendo kawiri, m'mawa ndi masana. Mbala zinkathyola banki, mfuti zimalira, munthu n'kugwa kuchoka padenga, a Kolini n'kutulukira pa kavalo woyera kudzapulumutsa tauni. Alendo ankawomba m'manja akuthamangitsa ntchentche kumaso, ine ndikuwomba nawo kuposa onse. Madzulo ake bambo ananditengera kuseri kwa msewuwo kuti ndikaone. Nyumba zonsezo zinali nkhope chabe, matabwa ochirikizidwa ndi mizati, kumbuyo kuli udzu ndi matiresi akale ogwerapo munthu wa padenga uja. Mfutizo zinali zaphokoso lokha.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero bambo, osamaliza n'komwe mwambiwo.

Ine zinandinyansa, osati matabwawo koma bambo. Ndinkaona ngati ndi munthu wosadziwa kusangalala, wobweretsa Dowa paliponse.

Filimu imene inkakonzedwa chaka chimenecho inali ya chilala. Nkhani yake inali ya banja losamuka pa ngolo litataya zonse, likuyendetsa ng'ombe zake zomaliza m'khwawa louma. Vuto linali lakuti ng'ombe za a Kolini zinali zonenepa, ndipo zinanenepa chifukwa cha bambo. Ojambula anafuna nthiti zowerengeka. Makompyuta otha kuondetsa ng'ombe pakanema analipo, koma akuti ankadula, ndipo a Kolini anawauza kuti asavutike, iwo adziwa chochita. Anasankha ng'ombe zisanu ndi imodzi zokalamba, n'kuzitsekera m'kakhola kuseri kwa chitunda kumene mabasi a alendo safikako. Lamulo kwa bambo linali lakuti azizipatsa madzi, koma udzu azingowaza pang'ono, wongokwanira kuti ziziima, mpaka tsiku lojambula.

Pakati pa ng'ombezo panali ina yofiirira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi ngati ikuloza diso lake lomwe. Kwa a Kolini inali nambala ya pakhutu basi. Bambo ankaitchula Mayi Busa, chifukwa inkayenda mwaulemu, mosafulumira, zinzake zikutsatira m'mbuyo ngati amayi a chigwirizano. Ikamva mluzu wa bambo inkatukula mutu ndi kubwera kudzawanyambita dzanja. Inali nkhalamba kuposa zonse, mano atatha, ndipo bambo ankadziwa kuti njala ya masabata ambiri m'dzuwa la Januwale singaipirire. Anawauza a Kolini zimenezo mwaulemu, chipewa chili m'manja. A Kolini anawasisita paphewa n'kunena kuti, "She'll be right, Joe," kutanthauza kuti palibe chodetsa nkhawa. Dzina la bambo ndi Yosefe, koma pafamupo palibe anavutika kuliphunzira.

Bambo anali ndi lamulo limene anakulira nalo, lakuti mbusa saika kanthu m'kamwa ziweto zake zisanadye. Kwathu sindinawaonepo akumwa tiyi asanapite kukhola. Tsopano anawauza kuti azidya katatu patsiku ng'ombe zikuwayang'ana, ndipo zinawakanika. Anali ndi bokosi la buluu losungiramo zakudya zozizira, limene kuno amati eski. Aliyense ankaganiza kuti muli nkhomaliro yawo. M'bokosimo ankaikamo gaga wa akavalo wonyowetsa ndi madzi, atathira mchere pang'ono monga ankachitira ndi madeya kwathu. Nthawi ya nkhomaliro, ojambula onse ali mu tenti yawo yodyera, ife tinkazungulira chitunda chija. Ng'ombe zonse zinkalandira, koma Mayi Busa ankayamba, akudyera m'manja mwa bambo. Ine ntchito yanga inali kukhala pa mpanda ndi kuyang'ana ngati kukubwera munthu.

"Takondwa, izi ndi za iwe ndi ine," anandiuza tsiku loyamba. "Wamva?"

"Ndamva, adadi."

Ndinamvadi. Ndikulemba zimenezi kuti pasakhale wondikhululukira ponena kuti mwana sankadziwa.

Nthawi yomweyo mtima wanga unali kwina. Mufilimumo munkafunika ana oti akhale pa ngolo ya banja lina lotsatira m'mbuyo, ndipo ana atatu a m'tauni anali atasankhidwa kale. Ine ndinkazungulirazungulira pa kalavani ya zovala ngati galu wa pa butchala. Munali diresi lina lotuwa, la mabatani mpaka m'khosi, limene ndinkaliona kuti ndi saizi yanga. Kusukulu ku Midland ndinali mtsikana wa Chingerezi chachilendo amene amakhala yekha nthawi ya buleki. Ndinkadziona ndikubwerera mu Febuluwale n'kunena mosasamala kuti, ah, ine holide ndinali mufilimu.

A Kolini sanali opusa. Anaona kuti ng'ombe zikuonda, koma osati mmene ankafunira, ndipo anaonanso kumene maso anga ankakhala. Masana ena anandipeza nditakhala pakhonde la bala yabodza ija. Anali ndi ayisikilimu awiri a pakamtengo ochokera mu shopu ya alendo, ndipo anandipatsa mmodzi. Anakhala pambali panga ngati agogo. Anandifunsa za sukulu, za Malawi, ngati kwathu kuli mikango. Kenako anati pa ngolo paja patsala malo a mwana mmodzi, ndipo iwo akangolankhula ndi mkulu wojambula, malowo ndi anga. Atatero anapukuta pakamwa n'kunena, ngati akungodzilankhulira, kuti bambo anga ndi katswiri, ng'ombe zawo sizionda ngakhale pa njala, kaya amachita matsenga anji.

Sanandiopseze, sanandikakamize. Funso lenileni sanafunse n'komwe. Ine ndinanyambita ayisikilimu amene ankayenderera pa chala, n'kunena m'Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti si matsenga, ndi eski ya buluu.

Tsiku lotsatira pa geti la kakhola kaja panali loko watsopano, ndipo makiyi anali pa lamba wa a Kolini. Bambo anawasamutsira kokawola ndowe za akavalo. Panalibe kukalipa. A Kolini anangotenga eski ija, kuitsegula pamaso pa anyamata onse, n'kukhuthulira gaga pansi akuseka. Bambo anandiyang'ana kamodzi kokha, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Madzulo amenewo ndinayesa diresi lotuwa, ndipo linandikwana bwino lomwe.

Bambo anaimbira foni amayi kuwauza kuti akufuna kukanena kwa akuluakulu oona za ziweto. Ndinkamva mawu a amayi akutuluka mufoni, otopa, ali pa buleki.

"Bambo a Takondwa, please, muli pa viza yanga. Ma papers a residency sanatuluke. Mukufuna tiyambe milandu ndi mzungu amene tauni yonse imamupembedza?"

Amayi sankalakwa kuopa. Sitinkadziwa malamulo a dziko lino, ndipo aliyense kutchalitchi anali ndi nkhani ya wina amene anabwezedwa kwawo pa chifukwa chosadziwika bwino. Bambo anazengereza masiku angapo. Masiku amenewo sankadya masana. Ankatenga mbale yawo, kuiyang'ana, n'kuivundikira. Pomaliza anaimba ndithu foni ija, ndipo anawauza kuti munthu abwera kudzaona, koma linali tsiku loti mawa lake ajambula.

Tsiku lojambula kunatentha kuyambira m'mawa. Anatipaka fumbi kumaso ndi mafuta ena pamilomo kuti ioneke yong'ambika ndi ludzu, kwinaku mtsikana wina akutipatsa madzi ozizira ndi kutigwirira ambulera. A Kolini anali atalola basi imodzi ya alendo kudzaonerera patali, kuseri kwa chingwe. Kenako anatulutsa ng'ombe zija. Ndinali ndisanazione chitsekereni geti, pafupifupi masabata awiri. Zikopa zinkalendewera pa mafupa ngati zovala pa waya. Fungo lake linatifika zisanafike, la ndowe zamadzi ndi zilonda, ndipo ntchentche zinali zitadzaza m'maso mwawo mpaka maso osaoneka. Mkulu wojambula, mayi wa magalasi akuda, anagwira pachifuwa n'kunena kuti zinali zokongola kuposa mmene ankayembekezera.

Anazitsitsa m'khwawa louma, ngolo zathu zikuyenda m'mbali mwa ng'ombezo. Anajambula kamodzi, anati tibwereze. Kachiwiri, kavalo wina anatembenuka molakwika, tibwereze. Ulendo uliwonse ng'ombe zinkabwezedwa kumtunda ndi zikwapu. Kachinayi, Mayi Busa ali kutsogolo monga mwa nthawi zonse, miyendo yakutsogolo inapinda. Anagwada kaye, n'kukhala chogwada kanthawi, kenako anagwera cham'mbali pafupi ndi gudumu la ngolo yathu. Lilime linatuluka n'kugwera mumchenga. Diso lija la pansi pa nyanga linali lotsegula, ndipo sindinganene kuti linkandiyang'ana, chifukwa ng'ombe yakufa ndi njala siyang'ana munthu. Ine ndi amene ndinkaliyang'ana.

Palibe anaimitsa. Mayi wa magalasi ankazunguza dzanja kuti kamera ipitirize, ndipo wojambula anayandikira chokwawa kuti atenge bwino nthiti zikukwera ndi kutsika. Kuseri kwa chingwe alendo anayamba kuwomba m'manja. Ankaganiza kuti ng'ombeyo ndi yophunzitsidwa, ngati munthu wa padenga uja, ndipo mwina pansi pali matiresi.

Pamenepo ndinamva mluzu. Bambo ankatsika m'khwawamo atavala ovolosi yawo ya ndowe ndi majombo, chidebe cha madzi chili m'manja, akudutsa pakati penipeni pa kamera. Anthu anakuwa kuti achoke, wina anawagwira mkono, iwo anangomusasa. Anagwada pamutu pa Mayi Busa, kutunga madzi ndi manja n'kumathira m'kamwa, akupukuta ntchentche m'maso ndi chala. Ankalankhula naye Chichewa chapansipansi, mawu omwe aja a kudibi. Khutu la ng'ombeyo linagwedezeka kamodzi. Madzi ankangotuluka mbali inayo n'kulowa mumchenga.

Ine ndinasanza. Ndinasanzira diresi lotuwa lija kuyambira m'khosi mpaka m'maondo, payi ya m'mawa ndi madzi ozizira aja, ana a m'tauni akudzikokera kumbali. Mtsikana wa ambulera anathamanga, osati kwa ine koma kwa diresi.

A Kolini anauza dalaivala kuti atenge alendo akaone ndende ndi kugula zikumbutso. Basi itazungulira chitunda anapita ku galimoto yawo n'kubwera ndi mfuti. M'tauni yonse ya mfuti ija, imeneyo yokha ndiyo inali yeniyeni, ndipo kulira kwake kunali kwakung'ono kuposa zabodza zija. Atatha anauza bambo kuti alongedze katundu. Munthu wa za ziweto anafikadi patapita masiku awiri, ife titachoka. Tinamva kuti anapeza kakhola kosesedwa bwino, ng'ombe zisanu zitagulitsidwa kale, ndipo anamuuza kuti yachisanu ndi chimodzi inafa ndi ukalamba. Tauni yonse inavomereza kuti inalidi yokalamba.

Ulendo wobwerera ku Midland ndinkayembekezera mbama. Ndinkaifuna, kunena zoona, chifukwa mbama imatha. Bambo anayendetsa kagalimoto kathu kakale, eski yopanda kanthu ikugubuduka kumbuyo. Tinadutsa minda ya tirigu yokololedwa, tinayamba kutsika mapiri, nyumba za Midland zinayamba kuoneka. Titaima pa maloboti oyamba ndi pamene anatsegula pakamwa, osandiyang'ana.

"Ayisikilimu uja anali wokoma?"

Maloboti anasintha, tinanyamuka. Sanafunsenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Lolemba lotsatira anabwerera kukapempha ntchito ya matirole, ndipo nyimbo za kwaya zija sindinazimvenso kwa nthawi yaitali. Amayi sanauzidwe kuti anaulula ndani. Adzadziwira pano ngati awerenga.

Filimuyo inatuluka ndili ku sekondale. Sindinaionere, koma mnzanga wina anandiuza kuti imfa ya ng'ombe ija ndi malo amene anthu amalira, ndipo ngolo yathu imaoneka kanthawi kochepa, ana ali chakumbuyo, nkhope zosadziwika. Za bambo ndi chidebe anadula.

Chaka chatha anzanga a kuntchito, kuchipatala kumene ndine namwino tsopano, anakonza ulendo wa Loweruka wokaona katauni kaja. Ndikanatha kukana, koma ndinapita. A Kolini anamwalira, ndipo pakati pa tauni pali chithunzi chawo chachikulu ali pa kavalo woyera. Mapayi akadali okoma, zimenezo sindinganame. Pamwamba pa geti lolowera mumsewu wa matabwa anakhomapo chigaza cha ng'ombe, choyera ndi dzuwa, ndipo alendo amaima pamzere kuti ajambulitse pansi pake atavala zipewa zobwereka. Nyanga imodzi ndi yopindikira pansi. Mnzanga wa ku Zambia anandikoka dzanja akuti, "Iwe, bwela tikope ka selfie." Ndinamuuza kuti m'mimba mwandivuta, ndipo sikunali kunama.

Kwa zaka zambiri ndinkanyansidwa ndi a Kolini, ndi mayi wa magalasi, ndi alendo owomba m'manja, ndipo ndimanyansidwa nawobe. Koma pansi pa geti limene lija ndinamvetsa chimene bambo ankandifunsa pa maloboti. A Kolini sakanatha kuchita zimenezo okha. Panafunika tauni yofuna mabasi, ojambula ofuna nthiti, ndi mwana wofuna diresi, aliyense wolandira kake kakang'ono n'kuyang'ana kumbali. Ine sanandinamize. Anangoyesa kuti aone ngati ndili ndi mtengo, ndipo anaupeza mufiriji ya mu shopu ya alendo.

Bambo tsopano anapuma ntchito, akukhala ndi amayi ku Armadale. Kuseri kwa nyumba ali ndi nkhuku zinayi, iliyonse ndi dzina lake. Ndikagona kumeneko ndimadzuka m'mawa n'kuwapangira tiyi, koma sindiwapatsa msanga, poti ndikudziwa kuti angomusiya azizire. Ndimatenga kachitini ka chakudya cha nkhuku n'kuwatsatira panja, ndipo tonse awiri timaima pamenepo mpaka yomaliza itadya.